Pleco pafoni: ingamupulumutse wophunzira Chitchaina amene akufeluka?

Mu September 2023 yunivesite ya West Virginia ku America inatseka madigiri onse a zinenero zakunja, Chitchaina chili momwemo. Bajeti inali itaperewera ndi madola 45 miliyoni, ndipo pofotokoza maganizo awo oyamba akuluakulu a sukuluyo anatchulanso zoti ophunzira angamaphunzire zinenero kudzera m'mapulogalamu a pa intaneti. Kumeneko nkhani inali ya ndalama ndi kuchepa kwa olembetsa. Koma aliyense amene anaonapo kalasi ya Chitchaina akudziwa mmene anthu amachepera: chaka choyamba mipando imasowa, mayeso akabwera ambiri amafeluka, chaka chachiwiri mumatsala owerengeka, kenaka wa ku ofesi ya ndalama amafunsa ngati n'koyenera kulipira mphunzitsi chifukwa cha mitu yochepa chonchi.

Ndiye funso loti foni ingagwire ntchito ya mphunzitsi mpaka pati si lachibwana, makamaka kuno ku Chipata. Confucius Institute, malo ophunzitsira Chitchaina a pa yunivesite ya UNZA, imene inatsegulidwa mu 2010, ili ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550 pa Great East Road. Wophunzira amene wabwera kuholide ku Kapata kapena ku Mchini, kalaliki wa pakampani ya thonje, mnyamata wogulitsa m'shopu ya Mtchaina, mtsikana amene akukonzekera HSK, mayeso oyeza luso la Chitchaina, kuti akapemphe sikolashipu, onsewa miyezi yambiri amakhala ndi foni basi. Pulogalamu imene pafupifupi aliyense wophunzira Chitchaina amafikapo ndi Pleco, ndipo ndi imene tikuiunika pano.

Pleco ndi dikishonale ya Chitchaina ndi Chingerezi. Inayamba kalekale pa timakompyuta ta m'manja ta Palm, mafoni amakono asanabwere, ndipo lero ili pa Android ndi pa iPhone. Kuitsitsa n'kwaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo ikakhala m'foni imagwira ntchito popanda intaneti. Mfundo yomalizayi kwa ife ndi yaikulu kuposa zonse. Bandulo ikatha kapena netiweki ikathawa mukangodutsa Katete, dikishonale ilipobe. Itsitseni pamene pali wi-fi, pamodzi ndi mafayilo a mawu olankhulidwa, chifukwa amenewo ndi amene amadya data. Mukatero pitani pa zosankha mukaike zilembo zosavuta za simplified, zimene amagwiritsa ntchito ku China ndi m'mayeso a HSK. Za traditional ndi za ku Taiwan ndi Hong Kong, ndipo woyamba kumene akamaziona zonse ziwiri nthawi imodzi mutu umangozungulira.

Imabwera ndi madikishonale awiri aulere. Ya PLC ili ndi zitsanzo za ziganizo ndipo imasonyeza ngati liwu ndi dzina kapena mneni. Ya CC-CEDICT imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ili ndi mawu ambiri atsopano ndi maina a malo, koma kawirikawiri imangondandalika matanthauzo a Chingerezi popanda kusonyeza pogwiritsa ntchito pake. Ikani PLC pamwamba. Liwu lililonse mukalitsegula pali timakomo: DICT ya tanthauzo, STROKE ya kalembedwe, CHARS yophwanya chilembo m'zigawo zake, WORDS ya mawu ena okhala ndi chilembo chomwecho, ndi SENTS ya ziganizo.

Kufufuza ndiko kumene Pleco ilibe mnzake. Mungalembe m'Chingerezi, mungalembe pinyin (katchulidwe ka Chitchaina kolembedwa m'zilembo zathuzi), mungajambule chilembo ndi chala. Pa pinyin zolowerani kuika nambala ya toni, kutanthauza kakwezedwe kapena katsitsidwe ka mawu: mai3 ikupatsani 买, kugula, pamene mai4 ikupatsani 卖, kugulitsa. Chilembo cha ü mulembe v, motero 女, mkazi, ndi nv3. Uthenga wa pa WeChat kapena WhatsApp mukaukopera, mbali ya Pleco yotchedwa Clip Reader imautsegula n'kumakupatsani tanthauzo la liwu lililonse mukaligunda. Wogwira ntchito m'sitolo amene bwana wake amamutumizira mndandanda wa katundu, zimenezi zokha zimamukwanira: 玉米 chimanga, 花生 nshawa, 棉花 thonje, 大豆 soya. Asamale ndi manambala okha. Atchaina amawerenga m'magulu a 10,000, amene amati wàn, kotero 100,000 ndi shí wàn, ndiye kuti mawàn khumi. Amene amawerenga m'masauzande ngati mwa Chingerezi amataya ziro kapena kuwonjezera ziro, ndipo pa invoisi ziro imodzi ndi mlandu.

Tsopano kumene anthu amafelukira. Nthambi ya boma la America yophunzitsa akazembe ake, Foreign Service Institute, imaika maola 2,200 a m'kalasi kuti wolankhula Chingerezi afike pogwira ntchito m'Chitchaina. Chifalansa inachipatsa maola 600 mpaka 750, Chiswahili 900. Pamenepa mukuona kale kuti kosi ya Chitchaina ikapatsidwa maola ofanana ndi ya Chifalansa n'kuyembekezera zotsatira zofanana, ofeluka adzachuluka, ngakhale ana ake akhale anzeru. Galamala si imene imagwetsa anthu. Mneni wa Chitchaina sasintha ndi nthawi kapena ndi wochita, ndipo kwa munthu amene anakula ndi ndinapita, ndikupita, ndidzapita, ndikadapita, imeneyo ndi holide. Zogwetsa ndi ziwiri: matoni ndi kulemba zilembo pamtima. Pa ziwirizi Pleco imathandiza theka, ndipo mukapanda kusamala imakunamizani kuti mwadziwa.

Tiyambe ndi matoni. Ife si alendo kwenikweni pa nkhaniyi. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timazilemba mofanana koma pakamwa timazisiyanitsa ndi kukweza mawu, ndipo palibe mwana wa ku Chadiza amene amasokoneza. Kusiyana kwake n'kwakuti m'Chitchaina silabo iliyonse ili ndi toni yakeyake, ndipo mawu amakwera kapena kutsika mkati mwa silabo imodzimodziyo. Ma wokhala pamwamba mosasintha (toni yoyamba) ndi mayi, ma wotsika pansi n'kukweranso (yachitatu) ndi hatchi, ma wogwa mwamphamvu (yachinayi) ndi kukalipira, ndipo yachiwiri ndi yoyambira m'munsi n'kukwera. Pleco imapaka zilembo utoto malinga ndi toni: yoyamba yofiira, yachiwiri yobiriwira, yachitatu yabuluu, yachinayi yapepo, yopanda toni yotuwa. Musazimitse utotowu ndipo musausinthesinthe. Pakapita miyezi iwiri diso limayamba kukumbukira kuti 买 ndi wabuluu, 卖 ndi wapepo, ndipo m'mayeso olemba zimenezi zimabweza mamalikisi.

Koma utoto ndi wa diso. Pleco ikuuzani mmene liwu limamvekera mukagunda kachizindikiro ka sipika, koma siimva mmene inu mukulitchulira. Munthu angathe kudziwa bwinobwino kuti shuǐ, madzi, ndi toni yachitatu, n'kumaitchulabe ngati yachiwiri chaka chathunthu popanda womuuza. Chinanso, dikishonale imalemba toni ya liwu lili palokha, pamene m'chiganizo matoni amasinthana. Achitatu awiri akatsatana, woyamba amasanduka wachiwiri: moni wawo amalembedwa nǐ hǎo koma amatchulidwa ní hǎo. Bù, kukana, amasanduka bú akatsogolera toni yachinayi. Amene waphunzira pafoni pokha amawerenga zimene zalembedwa, ndipo pa mayeso a pakamwa mphunzitsi amamva nthawi yomweyo. Chothandiza pang'ono ndi kudzijambula mawu ndi rekoda ya m'foni, mawu a masilabo awiri khumi patsiku, n'kumvetsera anu ndi a Pleco motsatizana. Chothandiza kwenikweni ndi munthu wa khutu lozolowera woti akuimitseni pakati pa chiganizo.

Apa tipatuke pang'ono, chifukwa pali mwayi umene mabuku olembedwera Azungu satiuza. Amavutika kufotokoza kusiyana kwa b ndi p, d ndi t, g ndi k wa pinyin, mpaka kuuza ophunzira kuti aike pepala patsogolo pa mlomo aone ngati likugwedezeka. Ife tili nako kale. B wa pinyin ndi p wa kupala, p wa pinyin ndi ph wa phala. G ndi k wa kukola, k ndi kh wa khola. D ndi t wathu, t ndi th. Dùzi, mimba, ndi tùzi, kalulu, zimasiyana monga t ndi th basi. Z wa pinyin ali pafupi ndi ts wa tsiku. Kumene timagwa ndi kwina: l ndi r, zimene kwathu n'chimodzimodzi, pamene kwa iwo lè ndi kukondwa, rè ndi kutentha, ndiponso chizolowezi chathu chotsekera silabo ndi vawelo, moti fàn, chakudya, amatuluka fani. Pleco siidziwa kuti ndinu Mchewa kapena Mngoni, ndiye zimenezi muzidzilondera nokha.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu, ndipo ndi limene limadzaza mndandanda wa obwereza kosi. M'makalasi ambiri a chaka choyamba mumakhala tīngxiě sabata ndi sabata: mphunzitsi amatchula liwu, inu mulembe chilembo, pinyin ndi toni, buku lili chitsekere. Kuzindikira chilembo ukachiona ndi luso lina, kuchitulutsa m'mutu papepala loyera ndi luso linanso. Atchaina eni ake ali ndi mawu onena za munthu amene wanyamula cholembera n'kuiwala chilembo, chifukwa nawonso mafoni awazoloweza kulemba pinyin n'kusankha pa mndandanda.

Pleco pamenepa ndi yaulemu mopitirira. Mukajambula chilembo ndi chala, ngakhale mutasokoneza dongosolo la mizere kapena kusiya kadontho, imakupatsani mzere wa zilembo zofanana nacho, inu n'kusankha cholondola. Pofufuza liwu la pa katoni zimenezo n'zabwino kwambiri. Pokonzekera mayeso ndi msampha, chifukwa ntchito yovuta ija yachitidwa ndi foni. Taonani 己 ndi 已. Choyamba ndi jǐ, mwini, chachiwiri ndi yǐ, kale. Kusiyana kwake ndi kamzere kakumanzere kongotulukira pang'ono pamwamba. 未 ndi 末 zimasiyana pa mzere umene uli wautali, wapamwamba kapena wapansi. 人 ndi munthu, 入 ndi kulowa. 买 ndi 卖 uja zimasiyana ndi kamtanda ka pamutu. Pa galasi la foni chala chimangopita, pulogalamu n'kumvetsa. Papepala la mayeso cholembera chofiira sichimvetsa.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kope la masamu la timabokosi, limene mungagule pa Kapata Market, ndi pensulo. Timabokosi tinayi, tiwiri m'mwamba tiwiri m'munsi, tikhale nyumba ya chilembo chimodzi, kuti muone chimene chili kumanzere, kumanja, pamwamba ndi pansi. Tsegulani STROKE muone kalembedwe kamodzi kapena kawiri, mutembenuze foni chafufumimba, mulembe katatu osayang'ana, kenaka muyerekeze. Kulemba chilembo kamakumi asanu mukuchiyang'ana ndi kukopera chabe, dzanja limatopa mutu uli kwina. Malamulo a mizere ndi ochepa: pamwamba kenaka pansi, kumanzere kenaka kumanja, wopingasa usanabwere woimirira monga mu 十, wapakati usanabwere ya m'mbali monga mu 小, ndipo pa zilembo za mpanda monga 国 mumamanga mpanda, mulowetse za mkati, chitseko cha pansi n'kutseka pomaliza, ngati mmene timatsekera ng'ombe m'khola. Zithunzi zonse za kalembedwe ndi gawo logula, ndipo pa zogula zonse za Pleco ili ndi limene wa chaka choyamba ayenera kuyambira.

Khomo la CHARS anthu ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limachepetsa katundu. Zilembo zambiri zili ndi mbali yosonyeza tanthauzo ndi mbali yosonyeza katchulidwe. 妈, mayi, ndi 女, mkazi, kuphatikiza 马, amene akungobwereketsa mawu akuti ma. Timadontho titatu ta madzi tili mu 河 mtsinje, 海 nyanja, 洗 kuchapa. Mizu yotereyi pa mndandanda wakale ilipo 214, koma makumi angapo oyamba ndi amene amabwerabwera. Wodziwa mizu akaona chilembo cha mizere 12 amaona zidutswa ziwiri kapena zitatu zodziwika. Wosadziwa amaona chisa cha mpheta.

Pleco ilinso ndi makadi obwerezera mawu. Pa iPhone mbali zake zambiri n'zogula. Liwu lililonse m'dikishonale lili ndi kachizindikiro ka + kolisandutsa khadi, ndipo mindandanda ya HSK mungaiike yonse nthawi imodzi. Kunena zoona, zosankha za makadiwa n'zambiri mosokoneza, ndipo maonekedwe ake ndi achikale poyerekeza ndi mapulogalamu ena ophunzirira monga Duolingo kapena HelloChinese. Palibe kambalame kokukumbutsani kapena nyenyezi zokusangalatsani. Woyamba kumene amatha ola lathunthu asanapeze poyambira.

Chofunika kusintha ndi chimodzi. Musasankhe mayeso a multiple-choice, chifukwa mumakhoza mwa kungochotsa mayankho opusa. Sankhani self-graded, odzichonga nokha, muuze pulogalamu kuti izikuonetsani tanthauzo kapena kukutchulirani mawu, chilembo chibisike. Lembani m'kope, muulule yankho, ndipo mukaphonya ngakhale toni yokha mudzipatse zolakwa. Kumbali ya kuchuluka, masamu ake ndi osavuta. Mawu 600 pa mawu 8 atsopano patsiku ndi masiku 75. Amene amaika 30 patsiku chifukwa mayeso ayandikira amapeza kuti pofika sabata yachitatu obwereza okha akupitirira 100 patsiku. Ndipo dongosolo lobwereza motalikitsa nthawi silikhululuka: ngati mumabwereza makadi 60 patsiku n'kupita kumaliro kumudzi sabata imodzi, mukabwera mupeza mulu wa mazana angapo. Zikatero imitsani atsopano mpaka muluwo utatha. Malaiti akamavuta monga mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, lembani mawu a sabata imeneyo kumapeto kwa kope, foni ikazima ntchito isaime. Sungani makadi anu ku Google Drive kapena pa memori khadi mwezi uliwonse, chifukwa foni ikabedwa pa siteshoni ya basi makadi a chaka chonse amapita nayo.

Chodandaulitsa china n'chakuti zonse zimadutsa m'Chingerezi. Chinyanja mulibe. Nthawi zina Chingerezi chimabisa zimene ife tikanamva msanga. Pa mawu a kunyamula, Chitchaina chimasiyanitsa dǐng, bēi, káng ndi tí, ndipo dikishonale imayamba ndi liwu limodzi lomwelo la Chingerezi n'kumawonjezera mafotokozedwe. Kwathu dǐng ndi kusenza, bēi ndi kubereka, káng ndi kunyamula paphewa, tí ndi kunyamula chakulendewera m'manja. Pa ubale ndiye zimachita kukoma: gēge ndi mkulu wako wamwamuna, dìdi ndi mng'ono, jiùjiu ndi malume, bóbo ndi atate aakulu, shūshu ndi atate aang'ono, gūgu ndi atate aakazi. Mzungu amaloweza zimenezi movutika chifukwa kwawo onsewo ndi liwu limodzi kapena awiri. Pleco imalola kulemba tanthauzo lanulanu pa khadi, ndiye lembani m'Chinyanja. Samalani kumene chinenero chathu chimaphatikiza: kudziwa nkhani ndi zhīdào, kudziwa munthu ndi rènshi, kudziwa kuyendetsa galimoto ndi huì. Kuvala malaya ndi chuān, kuvala chipewa kapena wotchi ndi dài. Amene amangofufuza liwu n'kutenga loyamba pa mndandanda amalemba ziganizo zimene liwu lililonse lili m'dikishonale koma Mtchaina sangazinene.

Za OCR, gawo logula limene limawerenga zilembo kudzera pa kamera: pa zolemba zosindikizidwa bwino, monga malangizo a pampu ya madzi kapena chikwangwani cha pa jenereta, limagwira. Pa zolemba pamanja ndi pa malisiti ofufutika limaphonya kwambiri, ndipo kamera ya foni yotchipa m'chipinda cha mdima imawonjezera vuto. Makanika ndi wa m'sitolo adzapindula nalo. Wophunzira wa chaka choyamba alisiye kaye, chifukwa limachotsa ngakhale kantchito kochepa kaja koyang'anitsitsa chilembo ndi kuchijambula. Zogula za Pleco mumalipira kamodzi, osati mwezi ndi mwezi, koma mtengo wake ndi wa madola ndipo pamafunika khadi lolipirira pa intaneti. Sungani nambala ya Registration ID, ndi imene imabweza zimene munagula mukasintha foni.

Ndiye mphunzitsi angachotsedwe n'kusiya pulogalamu? Pa kufufuza mawu ndi kubwereza, Pleco imaposa mphunzitsi aliyense, chifukwa siitopa ndipo ili m'thumba pakati pa usiku. Koma ilibe silabasi, siikuuzani choyamba ndi chotsatira, siifotokoza kusiyana kwa timawu ta galamala monga le ndi guo mwadongosolo, siimva pakamwa panu, siiona kope lanu. Zinthu ziwiri zimene zimafelutsa anthu ndi zomwezo zimene imasiyira munthu wina. Dipatimenti imene ikuona ofeluka akuchuluka ingachite bwino kuwerenga kaye maola amene ikupereka ndi kuchuluka kwa zilembo zimene ikufuna pa sabata, n'kusiyanitsa zilembo zoti wophunzira azilemba pamtima ndi zoti azingozizindikira, isanaganize zotseka. Kwa wophunzira payekha kuno kwathu, Pleco ndi yoyenera kukhala nayo kuyambira tsiku loyamba, pambali pa buku la kosi, kope la timabokosi, ndi munthu mmodzi wolankhula naye ngakhale mphindi 20 kawiri pa sabata, kaya ndi mnzanu amene anaphunzira ku China kaya ndi wa kuntchito.

Amene akulinga ku HSK aonetsetse mndandanda umene akuika m'makadi. Dongosolo la 2010 lili ndi magawo 6, a mawu 150, 300, 600, 1,200, 2,500 ndi 5,000. Pa gawo 1 ndi 2 mafunso amakhala ndi pinyin pamwamba pa zilembo ndipo kukhoza ndi 120 pa 200. Pa gawo 3 pinyin imachoka, pamabwera mbali yolemba, kukhoza ndi 180 pa 300, ndipo apa ndi pamene wodalira pinyin amaonekera poyera. Mayunivesite ambiri a ku China amafuna gawo 4 kwa ofuna kuphunzira digiri m'Chitchaina. Muyezo watsopano wa 2021 uli ndi magawo 9, ndipo gawo lake loyamba lokha lili ndi mawu 500. Musanalipire ndalama ya mayeso ndi ya basi ya ku Lusaka, funsani kumalo olembera kuti mayeso a tsiku limenelo atsata mndandanda uti, ndiponso ngati ndi a papepala kapena a pakompyuta, chifukwa pakompyuta mumalemba pinyin n'kusankha chilembo, pamene papepala mumachilemba ndi dzanja mzere ndi mzere.